Kodi makina otsukira a ultrasonic angadzutse lathe yakale?

Bambo ena a ku Katete, amene amawotcherera zitsulo ndi kukonza zigayo, andilembera imelo kunena kuti agula lathe (makina osemera zitsulo pozizunguza) yakale ya Myford ML7 imene yakhala m'shedi zaka zambiri, ndipo akufunsa ngati kugula makina otsukira a ultrasonic kungawathandize kuti iyambenso kugwira ntchito.

Bambo, makinawo ndi othandiza, koma musayambe kuwonongera ndalama pamenepo musanaone bedi la lathe yanu, chitsulo chachitali chimene zigawo zina zimayendapo. Mtundu wa ML7 unayamba kupangidwa ku Nottingham, ku England, m'chaka cha 1946, ndipo yambiri mwa imene ikupezeka lero inaperepeseka pafupi ndi chuck (chopanira chitsulo chimene chikusemedwa), popeza ntchito yochuluka imachitikira pamenepo. Mangitsani saddle (chigawo chonyamula mpeni wosemera, chimene chimayenda pa bedi) ili pafupi ndi chuck mpaka isiye kugwedera, kenako muikankhire kumapeto kwa bedi. Ikayamba kulimba panjira, dziwani kuti bedi linadyeka, ndipo kutsuka kwa mtundu uliwonse sikungabwezere chitsulo chimene chinatha. Bedilo, lomwe silingalowe n'komwe m'thanki la makina otsukirawo, litsukeni ndi palafini ndi nsalu. Chonde musaliyandikize grinder kapena sandipepa wokhakhala, chifukwa kunyezimira kumene mungapeze kudzakuwonongerani muyeso.

Pamene makina a ultrasonic amaonetsa mphamvu zake ndi pa tizitsulo ting'onoting'ono. Pansi pa thanki pali tizipangizo tonjenjemera pafupifupi ka 40,000 pa sekondi imodzi, ndipo kunjenjemerako kumapanga timathovu tosaoneka bwino ndi maso, timene timaphulika pa chitsulo n'kugumula girisi wouma ndi tizinyenyeswa tobisala m'mano a magiya, m'mazinga a mabawuti ndi m'kati mwa chuck mukaiphwasula, malo amene burashi sifika. Thirani madzi otentha madigiri 50 mpaka 60 pamodzi ndi sopo wochotsa mafuta, muyatse makina kwa mphindi zingapo opanda kanthu kuti mpweya utuluke m'madzi, kenako muike zitsulo m'basiketi yake. Zikagona pansi penipeni pa thanki zimachepetsa mphamvu ndiponso zimawononga makinawo. Girisi wokhuthala yambani mwamupala ndi kamtengo, apo ayi madzi adzada m'kanthawi kochepa.

Ndikudziwa kuti m'magalaja ambiri kuno kwathu petulo ndiye sopo, koma m'thanki ili musathiremo petulo kapena thinners, chifukwa nthunzi yake ikakumana ndi kutentha ndi magetsi imayaka moto. Caustic soda nayenso amadya aluminiyamu ndi zinc, pamene tizikwangwani topaka penti tikhoza kutuluka titasupuka. Ma ball bearing a mota amene mukufuna kuwagwiritsanso ntchito ndi bwino kuwatsuka pamanja.

Dzimbiri ndi nkhani ina, ndipo apa ambiri amakhumudwa. Madzi a sopo sachotsa dzimbiri lokhazikika, ngakhale makina atalira tsiku lonse. Mukachotsa mafuta, viikani zitsulozo mu viniga kapena m'madzi a citric acid, muziziona pafupipafupi kuti asidi asayambe kudya chitsulo chabwino, kenako muzitsukuluze bwino. Chitsulo chopanda mafuta chimayamba kufiira m'mphindi zochepa, makamaka m'nyengo ya dzinja, choncho chiumitseni nthawi yomweyo n'kuchipaka oyilo.

Ngati mwapeza makina ogwiritsidwapo kale ntchito, kaya ku Chipata kaya ku Lusaka, tengani kapepala ka foyilo wa kukhitchini mukaviike m'madzi makina akulira. Pakatha mphindi imodzi kayenera kutuluka katabookabooka, ndipo kakatuluka kosalala musalipire.

Pophwasula lathe, jambulani chilichonse pa foni ndipo musunge mabawuti ake m'zitini zolembedwa. Mabawuti a makina akale a ku Britain ali ndi mazinga a Whitworth, BSF kapena BA, osati a mamilimita amene adzaza m'masitolo a ku Chipata. Limodzi likatayika, lolowa m'malo mwake mungafunike kulisema nokha pa lathe ina.