Ndalama za mafuta a ndege: mlimi alowa pati?

Chiyambireni kukonza minda chaka chino, nkhani imodzi yakhala ikubwerabwera ku ofesi yathu ya alangizi a zaulimi ndi pa foni. Alimi amva pa wailesi, ena awerenga pa WhatsApp, kuti maboma a mayiko olemera akupereka ndalama zankhaninkhani zopangira mafuta a ndege kuchokera ku zomera, ndiye akufuna kudziwa ngati nawonso angapezepo kangachepe. Ndasankha mafunso angapo oimira onsewo. Mayina ndawasiya.

Bambo wina wa ku Kasungu akuti: "Alangizi, si bodza limeneli? Ndege ingauluke ndi mafuta a m'munda?"

Si bodza, bambo. Mafuta omwe ndege zikuluzikulu zimamwa ndi m'bale wake wa palafini yemwe timathira m'koloboyi. Amapopedwa pansi pa nthaka, ndipo utsi wake uli m'gulu la zinthu zomwe zikutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula. Galimoto ingathe kuyenda ndi batire, koma ndege yonyamula anthu 300 kuwoloka nawo nyanja ya mchere singadalire batire, kulemera kwake ndi kosayamba. N'chifukwa chake akupanga palafini wina kuchokera ku mafuta ophikira otha ntchito, mafuta a nyama, zinyalala, mowa wa nzimbe kapena njere zamafuta. Eni ake amautchula mwachidule kuti SAF.

Ndipo dziko lathu linalowamo kale m'nkhaniyi, kungoti ambiri sitinamve. Pa 30 Disembala 2008 kampani ya Air New Zealand inaulutsa ndege ya Boeing 747, injini imodzi mwa zinayi ikumwa mafuta osakaniza theka ndi theka, palafini wamba ndi mafuta a msatsimanga. Njere za msatsimangawo zinachokera ku Malawi, Mozambique, Tanzania ndi India. Mu Novembala 2023 ndege ya Virgin Atlantic inachoka ku London mpaka ku New York ndi mafuta atsopanowa okhaokha, boma la Britain litathandizapo ndi mapaundi 1 miliyoni. Kumeneko kunali kuyesa chabe. Pa maulendo a tsiku ndi tsiku lamulo limalola kusakaniza osapitirira theka, ndipo m'chaka cha 2024 mafuta oterewa sanakwane ngakhale lita imodzi pa malita 100 alionse omwe ndege zinagwiritsa ntchito pa dziko lonse.

Mayi wina wa ku Mchinji, yemwe ndi wapampando wa kalabu, akuti: "Ndalamazo tingafunsire kuti? Kunabwera munthu wotiuza kuti tisonkhe ndalama yolembetsera kalabu yathu, mafomu atumiza kunja."

Mayi, musasonkhe ngakhale tambala. Ndalamazo zilipodi, koma si za alimi, ndipo si za kuno. Boma la Britain linakhazikitsa thumba lotchedwa Advanced Fuels Fund mu 2022, loyamba ndi mapaundi 165 miliyoni, ndipo olandira ndi makampani omanga mafakitale a mafutawa m'dziko lomwelo. Ku America, lamulo la Inflation Reduction Act la 2022 linaika ndalama zoterezi, ndipo mu Ogasiti 2024 bungwe loyang'anira za ndege la FAA linagawa madola 244.5 miliyoni ku ntchito 22 zopanga, kusakaniza, kusunga ndi kunyamula mafutawo. Cholinga cha boma la America, chomwe linalengeza mu 2021, chinali kufika pa magaloni 3 biliyoni pa chaka pofika 2030.

Maboma akulowetsapo dzanja chifukwa mafutawa ndi odula kuwirikiza kawiri kapena kupitirira poyerekeza ndi palafini wamba, ndipo fakitale imodzi imadya ndalama zomwe banki singabwereketse isanaone kuti msika ulipo. Ndiye boma limathandiza kumanga, kenako limakakamiza ogulitsa mafuta m'mabwalo a ndege kuti azisakaniza. Ku European Union lamulo likuti malita 2 pa 100 kuyambira 2025, malita 6 pofika 2030, ndi 70 pofika 2050. Britain inayambanso pa 2 mu 2025 ndipo ikufuna 10 pofika 2030. Mwaona kuti mu zonsezi mulibe fomu ya kalabu ya ku Mchinji. Si ngati makuponi a feteleza. Chomwe chingafike kwa mlimi ndi msika wa zokolola basi, ngati kampani ina itabwera kudzagula. Munthu wa mafomu uja akadzabweranso, mufunseni kalata yochokera ku ofesi ya zaulimi ya m'boma lanu, ndipo mundiimbire ali pomwepo.

Funso lomwe landitengera nthawi yambiri ndi la mnyamata wina wa ku Dowa: "Ndili ndi maekala atatu. Ndikufuna ekala imodzi ndidzale nsatsi kapena msatsimanga kuti msika ukamabwera undipeze wokonzeka. Ndalakwa?"

Achimwene, maganizo okonzekeratu ndi abwino, koma pitani mukafunse kaye akuluakulu a m'mudzi mwanu zomwe zinachitika ndi msatsimanga zaka za m'ma 2007 mpaka 2012. Ine ndinali ndikugwira kale ntchitoyi, ndipo ndivomere kuti nanenso ndinaulalikira nawo mtengowu. Tinkauza alimi kuti umabereka ngakhale pa dothi loguga, sufuna feteleza, sufuna madzi, mbuzi siziudya. Zakuti mbuzi siziudya zinali zoona. Zinazo ayi. Msatsimanga pa nthaka yowonda sufa, koma kusafa ndi kubereka ndi zinthu ziwiri. Kuti ubereke bwino umafuna dothi labwino ndi mvula yokwanira, malo omwewo omwe chimanga ndi mtedza zikufuna. Umatenga zaka zingapo kuti uyambe kubereka mokwanira. Zipatso zake sizikhwimira pamodzi, ndiye munthu umabwerera pa mtengo womwewo kangapo, nthawi yomweyo yomwe manja akufunika pokolola zina. Lita imodzi ya mafuta imafuna njere zokwana pafupifupi makilogalamu anayi, choncho wogula sangapereke mtengo wokwera pa kilogalamu. Alimi atawerengera masiku omwe athera pothyola ndi kusenda, anaona kuti kuli bwino kupita pa ganyu. Ogula ambiri, kuno ndi ku Mozambique ndi Tanzania komwe, anatseka n'kumapita, mitengo inatsala m'malire mwa minda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Vuto lalikulu la mbewu ziwirizi ndi loti wogula akapanda kubwera, mulibe kothawira. Soya akatsika mtengo mungakazinge, kugayitsa phala la ana, kapena kudyetsa nkhuku. Mpendadzuwa mungayengetse mafuta ophikira. Koma njere za nsatsi ndi za msatsimanga zili ndi poizoni. Simungadye, ndipo zotsalira poyenga si zopatsa ziweto. Ana aang'ono amatha kuzitafuna poyesa mtedza, ndiye ngati muli nazo pakhomo muzisunge patali.

Nsatsi ili ndi ubwino wake. Imacha m'chaka chomwecho, ndipo pafupifupi theka la kulemera kwa njere yake ndi mafuta. Ku Kenya, kampani ya ku Italy ya Eni inatsegula fakitale yoyenga njere zoterezi m'dera la Makueni mu 2022, ndipo imagula nsatsi kwa alimi ang'onoang'ono n'kutumiza mafutawo ku Italy. Kumeneko msika uli ndi dzina ndi malo ake, komabe ngakhale kumeneko alimi ena adandaula kuti zokolola zinachepa kusiyana ndi zomwe anawalonjeza. Nanga inu amene wogula simunamuone n'komwe?

Langizo langa ndi ili: musadzale mbewu yosadyeka musanagwire m'manja mgwirizano wolembedwa. Mu pepalalo muoneke dzina la kampani ndi komwe kuli ofesi yake, mtengo wa pa kilogalamu, amene adzanyamule katundu kuchoka pamudzi, tsiku lolipira, komanso zomwe zidzachitike mvula ikavuta pomwe mbewu ndi feteleza munatenga pa ngongole. Mugulitse kudzera mu kalabu kapena kopaletivi, osati aliyense payekha. Zonsezi zikakhalapo, yambani ndi mizere yochepa kumphepete kwa munda kwa chaka chimodzi, mulembe masiku omwe mwagwirapo ntchito ndi ndalama zomwe mwapeza, mufanizire ndi soya wa pa malo ofanana. Ekala yanu ija chaka chino dzalanipo soya kapena mtedza. Ndipo wina akabwera ndi zofuna kubwereka malo kwa zaka zambiri, musasaine banja lonse ndi amfumu asanakhale pansi.

Bambo a ku Kasungu aja anafunsanso za fodya, poti anamva kuti nayenso amapanga mafuta a ndege. Zoona, koma si fodya wa bale wathuyu. Ku South Africa kunali ntchito yotchedwa Project Solaris m'dera la Marble Hall ku Limpopo, komwe ankalima mtundu wa fodya wopanda chikonga, wobereka njere zambiri m'malo mwa masamba. Mu Julaye 2016 ndege ya South African Airways inachoka ku Johannesburg kupita ku Cape Town ndi mafuta osakaniza ndi a njere zimenezo. Fodya wanu wa masamba msika wake ndi womwe uja wa ku okushoni ndi wa pa kontrakiti.

Mlimi wa nzimbe wa ku Nkhotakota akufunsa ngati nzimbe zake zikwere mtengo. Mwa onse, inu ndi amene muli pafupi ndi nkhaniyi. Dziko lathu linayamba kusakaniza ethanol, womwe ndi mowa wa nzimbe uja, mu petulo mu 1982, kuchokera ku fakitale ya Ethco ku Dwangwa, ndipo pambuyo pake kunabwera PressCane ku Chikwawa. Onse amagwiritsa ntchito manyuchi otsala popanga shuga. Ethanol yemweyo angathe kusandutsidwa mafuta a ndege, ndipo kampani ya LanzaJet inatsegula fakitale yotero ku Soperton m'chigawo cha Georgia ku America mu Januwale 2024. Koma ethanol wathu ali kale ndi ntchito yochepetsa petulo wogula kunja ndi ndalama zakunja zomwe zikutivutazi. Mtengo wa nzimbe zanu ukhalabe ukutsatira mgwirizano wanu ndi fakitale ya shuga. Dziwaninso kuti malamulo a ku European Union ndi Britain salola kuwerengera mafuta a ndege opangidwa ndi mbewu zodyedwa ndi anthu kapena ziweto, pofuna kuti ndege zisamalimbirane chakudya ndi anthu. America ndi yomwe imalola chimanga ndi soya, pakuti ili nazo zambiri.

Funso lomaliza linachokera kwa agogo ena a ku Ntcheu, ndipo linandiseketsa: "Akuti amagulanso zinyalala. Mapesi angawa ndiwasunge?" Sungani ndithu, agogo, koma osati chifukwa cha ndege. Agonekeni m'munda momwemo, musawotche. Amasunga chinyontho pa nthawi ya ng'amba, amateteza dothi kuti lisakokoloke, ndipo akawola ndi manyowa. Otsala mupatse ng'ombe kapena muwaike pa mulu wa kompositi pamodzi ndi ndowe. Ngakhale atabwera wogula ndi lole, thumba la feteleza lobwezeretsa chonde chomwe mapesiwo achoka nacho lidzakudyerani ndalama zoposa zomwe iye angakupatseni.