Venice ikumiradi, koma si nyanja yokha yolakwa

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti mzinda wa Venice ukumira, komanso kuti anthu anamanga bwanji pamadzi. Sanamange pamadzi penipeni ayi. Mzindawu uli pa tizilumba toposa 100 m'dambo lalikulu la madzi amchere, m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic ku Italy. Ankakhoma mitengo m'matope mothinana kwambiri, n'kuyala matabwa ndi miyala yolimba ya ku Istria, kenako njerwa. Mtengo ukakwiririka m'matope mopanda mpweya suwola msanga, n'chifukwa chake nyumba za zaka mazanamazana zidakali chiimire.

Makolo a anthu a ku Venice ankalidziwa dambo lawo. Anapatutsa mitsinje ya Brenta, Sile ndi Piave kuti isamatsanuliremo mchenga. Chimandiwawa n'chakuti zambiri zawonongeka posachedwapa. Mafakitale a ku Porto Marghera, kumtunda pafupi ndi mzindawu, anapopa madzi a pansi pa nthaka mpaka m'ma 1970, nthaka n'kutsika. Anakumbanso ngalande yakuya yodutsa sitima za mafuta, ndipo mafunde anayamba kukokolola madambo amene ankachepetsa mphamvu ya madzi. Uku nyanja nayo ikukwera.

Pa 4 Novembala 1966 madzi anasefukira mumzinda n'kufika masentimita 194 pamwamba pa mulingo umene amayezera nyanja, pa 12 Novembala 2019 anafika 187. Eni ake amati acqua alta, kutanthauza madzi okwera. Masaireni akalira, anthu amavala jombo n'kumayenda pa timilatho ta matabwa pabwalo lalikulu la mzindawu la San Marco. Koma choopsa chenicheni ndi mchere: umalowa m'njerwa, madzi akauma njerwa n'kumafumbutuka pang'onopang'ono.

Pano kuli MOSE, zitseko 78 zachitsulo zogona pansi pa madzi pamakomo atatu amene nyanja imalowera m'dambo, a Lido, Malamocco ndi Chioggia. Akazipopera mpweya zimadzuka n'kutsekereza nyanja. Zinayamba kuteteza mzinda pa 3 Okutobala 2020, ndipo zikuthandizadi. Vuto n'lakuti dambo limadalira madzi olowa ndi kutuluka tsiku lililonse kuti achotse zonyansa za mumzinda. Nyanja ikapitiriza kukwera, adzayamba kutseka pafupipafupi, madzi n'kuvunda, nsomba ndi mbalame n'kuvutika.

Ndipo ine nkhawa yanga ili pa anthu. Mu 1951 m'kati mwa mzinda wakalewo munkakhala anthu pafupifupi 175,000. Lero safika 50,000. Nyumba zambiri zasanduka malo ogona alendo, ndipo mabanja asamukira kumtunda ku Mestre.