Achemwali, manovelo amenewo musawataye

Sabata yatha mtsikana wina amene akuphunzira za mabuku ku yunivesite ananditumizira imelo. Akuti manovelo a ku Ulaya amene akuwerenga m'kalasi ambiri Mulungu mulibemo, ena amachita kunyoza ansembe, ndipo mkulu wa mpingo wawo wamuuza kuti awasiye asanamuwonongere chikhulupiriro. Funso lake n'lakuti, awasiyedi?

Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo yandibweza ku maliro amene sindikonda kuwakumbuka.

Mwana wa mlongo wanga anamwalira ndi malungo ali ndi zaka zinayi. Ndinalipo usiku umenewo. Kanthu kamene sindidzaiwala ndi tinsapato take tapulasitiki, tofiira, timene tinatsala pansi pa bedi la m'chipatala. Ndine ndinawerama kukatitola, n'kutiika m'thumba la jekete, chifukwa mayi ake sakanatha. Mawa lake pa siwa, amene ankalalikira anakweza mawu n'kunena kuti imfa sibwera chabe, a pabanja pano adzifufuze bwino, pali chimene anamulakwira Mulungu. Ndinaona mlongo wanga akukoka chitenje kuphimba nkhope. Anthu anavomera kuti ame. Ine ndinatuluka, ndipo kwa zaka pafupifupi ziwiri sindinapondenso m'tchalitchi.

Mkati mwa zaka zimenezo ndinagula buku lakutha chikuto kwa anyamata oyala mabuku m'mbali mwa msewu. Linali The Plague la Albert Camus, lomwe linatuluka m'Chifalansa mu 1947. Camus sanali wokhulupirira, ndipo sankabisa. Nkhani yake ikuchitikira mumzinda wa Oran ku Algeria: makoswe ayamba kufa m'makwalala, mliri wagwa, zipata za mzinda zatsekedwa. Wansembe wina wophunzira kwambiri, Bambo Paneloux, akwera pa guwa n'kuuza anthu kuti mliriwu ndi chilango ndipo auyenera. Nditafika pamenepo ndinatseka buku, mtima ukugunda. Anali mawu a pa siwa paja.

Kenako m'bukumo mwana wamng'ono akufa, pang'onopang'ono, akulira, wansembe uja ataima pomwepo limodzi ndi dokotala Rieux. Dokotalayo amuuza kuti mpaka imfa yake sadzavomera kukonda dziko limene ana amazunzika chotero. Paneloux akadzalalikiranso kachiwiri, wasintha. Pa ulaliki woyamba ankati "inu". Pa wachiwiri akuti "ife". Ndipo walowa m'gulu la osamalira odwala.

Kamawu kamodzi kameneko kanandiliritsa. Munthu wosapemphera anaona bwinobwino chimene chinasowa pa maliro a mwana wathu. Ndinatsegula Baibulo patapita nthawi yaitali, n'kupeza kuti pa Yohane 9 Yesu anakana kale maganizo amenewa pamene ophunzira ankafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona. Ndinapezanso kuti kumapeto kwa buku la Yobu, Mulungu akukalipira anzake a Yobu, aja ankaumirira kuti mavuto ake ndi malipiro a tchimo.

Ndiye ndikamva wina akunena kuti manovelo a azungu anathamangitsa Mulungu, ndimakana, ndipo ndimakanitsitsa. N'zoona kuti matchalitchi a ku Ulaya akuchepa anthu. Pa kalembera wa 2021 ku England ndi Wales, amene anadzitchula Akhristu anali 46 pa 100 alionse, koyamba kutsika pansi pa theka. N'zoonanso kuti m'mabuku ambiri a kumeneko munthu akadwala amaitana dokotala basi, akalakwa amakaulula kwa mnzake, m'busa saonekanso. Koma mafunso amene mabukuwo akulimbana nawo anawatenga kuti? Kulakwa, kukhululuka, kuvutika kwa wosalakwa, munthu kufera anzake. Zonsezi anaziyamwira m'Chikhristu. Mwana angasamuke pamudzi, koma chilankhulo cha amayi ake amapita nacho.

Taonani George Eliot, amene dzina lake lenileni linali Mary Ann Evans. Mu 1842, ali ndi zaka 22, anakana kupita kutchalitchi ndi bambo ake, m'nyumba mukhala mkangano waukulu. Mu 1846 anamasulira m'Chingelezi buku la David Strauss lonena kuti zozizwitsa za m'Mauthenga Abwino ndi nthano. Mayi yemweyo mu 1859 analemba Adam Bede, mmene muli mlaliki wamkazi wa Methodist, Dinah Morris, amene akulowa m'ndende kukagona ndi mtsikana woweruzidwa kuti aphedwe chifukwa cha imfa ya khanda lake, n'kupemphera naye mpaka mtsikanayo aulula. Sindinawerengepo malo ambiri amene akuonetsa ntchito ya ubusa mwaulemu chotero, ndipo anawalemba munthu amene anali atasiya kukhulupirira.

Komanso si onse anasiya. Graham Greene analowa Chikatolika mu 1926, ndipo mu 1940 anatulutsa The Power and the Glory. Wansembe wa m'bukumo ndi chidakwa, ali ndi mwana wapathengo, akuthawathawa ku Mexico m'zaka za m'ma 1930 pamene boma la chigawo chake linkasaka ansembe. Wafika kale pamalo otetezeka, koma auzidwa kuti chigawenga china chikufa ndipo chikufuna kulapa. Akudziwa kuti ndi msampha. Abwerera, agwidwa, awomberedwa. Akuluakulu ena a ku Vatican analidzudzula bukuli mu 1953, poona kuti likunyazitsa unsembe. Ine ndimaona kuti ndi ulaliki wa chisomo wamphamvu kuposa maulaliki ambiri amene ndamvapo, chifukwa likunena zimene Paulo ananena, kuti chuma chimenechi tili nacho m'zotengera zadothi.

Apa ndinene mosapsatira. Chimene chimachotsa achinyamata m'tchalitchi kawirikawiri ndi kuletsedwa kufunsa. Ine amene anandithamangitsa anali atanyamula Baibulo m'manja. Chikhulupiriro chimene chingagwe chifukwa cha buku limodzi la m'kalasi chidzagwabe tsiku limene mudzaima pambali pa bedi la m'chipatala, ndipo bola mafunsowo mukumane nawo lero, muli ndi nthawi yoganiza ndi anthu owafunsa. Mkulu wa mpingo wanuyo sindikumunyoza ayi. Ndikukhulupirira kuti akukuderani nkhawa ngati mwana wake. Koma pa ichi walakwitsa.

Ndiye muchite chiyani?

Werengani mabuku onse a m'kalasi, mulembe mayeso anu bwino. Buku likakubayani, lembani funsolo papepala, musalikwirire. Pambali pake muziwerenga Yobu, Mlaliki ndi Salimo 88, lomwe limatha mumdima popanda yankho koma lili m'Baibulo momwemo. Pezani munthu mmodzi wachikulire mu mpingo amene sachita mantha ndi mafunso. Ngati mkulu uja amawerenga Chingelezi, m'bwerekeni la Greene lija mwaulemu, mum'pemphe kuti akamaliza mudzakambirane.

Mukafika pa mutu wa imfa ya mwana m'buku la Camus, mundilemberenso. Ine kutchalitchi ndinabwerera, ndimakhala kumbuyo pafupi ndi mlongo wanga, ndipo tinsapato tija tikadali m'kabati mwanga.