Posankha kamera ya filimu ya rangefinder ndi malenzi ake

Achimwene, mwafunsa ngati kuli bwino kusunga ndalama mpaka zikwanire Leica M6 kapena kugula kaye Zorki kapena Canonet, komanso kuti muyambe ndi malenzi angati. Langizo langa ndi lakuti musatengeke ndi dzina, koma mufunefune kamera imene ikugwira bwino ntchito lero, chifukwa amisiri odziwa kukonza makamera akalewa ndi osowa kuno ku Lilongwe, ndipo ikangofa idzangokhala m'kabati.

Mukaigwira m'manja, suzumirani pa kawindo kake. Pa kamera ya rangefinder, pakati pamaoneka kachigamba kowala kamene kamaonetsa chinthu pawiri, ndipo mukamapotokola lenzi zithunzi ziwirizo zimasendererana mpaka kukhala chimodzi, apo ndiye kuti focus yakwana, kutanthauza kuti chinthucho chidzaoneka bwino pachithunzi. Yeserani pa polo yamagetsi yakutali kwambiri: lenzi ikafika pa infinity (chizindikiro cha zinthu zakutali kwambiri), ziwirizo ziyenera kugwirizana ndendende. Kachigambako kakakhala kozimirira, kamerayo isiyeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo chotani. Muunikenso mkati mwa lenzi ndi tochi ya foni. Mukaona timizere tonga ulusi wa kangaude, chimenecho ndi chuku, ndipo chinyontho cha dzinja lathu chimachikulitsa. Yanu muzidzaisunga m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyontho.

Kwa munthu woyamba kumene, ine ndimaikonda Canonet QL17 GIII ya 1972, yomwe ili ndi lenzi yosachotseka ya 40mm f/1.7. Mabatire a mercury amene inkagwiritsa ntchito anasiya kupangidwa, komabe shutter yake (kachitseko kotseguka pojambula kuti kuwala kufike pa filimu) imagwira popanda batire ngati mukusankha nokha liwiro la shutter ndi aperture (kukula kwa bowo lolowetsa kuwala mu lenzi). Yashica Electro 35 imajambula bwino, koma imadalira batire kuti isankhe liwiro.

Ngati mtima uli pa kusinthasintha malenzi, yang'anani Canon P ya 1959, imene malenzi ake amalowa mopotokola ngati sikuluwu, pa muyeso wa M39. Ubwino wake ndi wakuti malenzi amenewa amalowanso pa Leica M mukaikapo adaputa, choncho zimene mugule tsopano sizidzatayika mukadzakwanitsa M6. Zorki 4 ndi lenzi yake ya Jupiter-8 50mm f/2 ndi yotsika mtengo, koma ili ndi lamulo losaphwanyika: kokani kaye filimu musanasinthe liwiro, apo ayi mukhoza kuwononga makina ake. Shutter yake ndi yansalu, monganso ya Leica, ndipo mukasiya lenzi yosavindikira itayang'ana dzuwa la mu Okutobala, nsaluyo ikhoza kuboka. Ya Canon P ndi yachitsulo.

Lenzi yambani ndi imodzi, 35mm kapena 50mm. Ya 35mm imathandiza malo opanikizika ngati mumsika waukulu wa ku Area 2, pamene ya 50mm imakometsa nkhope za anthu. Malenzi aatali sayenda bwino pa makamerawa, kotero ngati mukufuna mbalame za ku Lilongwe Wildlife Centre kapena mpira pa Bingu National Stadium, SLR, kamera imene mumasuzumira kudzera mu lenzi yeniyeniyo, ndiyo ingakuthandizeni.

Musathere ndalama zonse pa kamera, chifukwa filimu ndi kutsukitsa zimadya ndalama mwezi ndi mwezi. Filimu ya Ilford HP5 Plus mukhoza kuitsuka nokha kunyumba ndi mankhwala otsukira a Rodinal kapena D-76. Filimu yoyamba muijambule pa liwiro lililonse, ndipo mupangane ndi wogulitsa kuti mudzabweza kamerayo ngati zithunzi zitaonetsa kuti kuwala kukulowera m'mbali.