Mafunso Anu: Kubwerera Kunyumba Ndi Banja Tchuthi Cha Kunja Chikatha

Makalata ambiri a ulendo uno akufunsa za ulendo wobwerera. Popita anthu amakonzekera milungu ingapo, koma pobwera amalongedza usiku, atatopa, ana akulira, ndipo mavuto ambiri amayambira pamenepo. Alangizi athu a zamaulendo ndi zaumoyo ayankha motere.

Funso: Tikubwerera ndi ana atatu ndipo tidzasintha ndege kamodzi. Pakati pa ndege ziwirizo pali ola limodzi ndi mphindi 20. Kodi ikwana?
Bambo wa ana atatu

Yankho: Bambo, musanawerenge mphindizo, yambani mwayang'ana tikiti yanu. Ngati ndege zonse ziwiri zili pa tikiti imodzi, ndiye kuti kampani ya ndege inavomereza kuti nthawiyo ndi yokwanira pabwalolo. Yoyamba ikachedwa n'kukuphonyetsani yachiwiri, kampaniyo idzakuikani pa ndege ina osalipira kanthu, ndipo nthawi zambiri katundu amadutsa yekha mpaka kumapeto. Koma ngati munagula matikiti awiri osiyana pofuna wotsika mtengo, nkhani ndi ina. Mukatsika muyenera kudindisa mapasipoti, kudikira masutikesi, kukawaperekanso pa kauntala, n'kusechedwanso. Makampani ambiri amasiya kulandira katundu kutatsala ola limodzi kuti ndege yopita kunja inyamuke, choncho nthawi yanuyo singakwane. Pamafunika maola atatu kapena anayi. Komanso kulowa m'dzikomo kukatenga katundu kungafune viza imene mwina mulibe.

Ngakhale tikiti ikhale imodzi, nthawi yonseyo si yanu. Geti limatsekedwa kutatsala mphindi 15 kapena 20, ndipo kutuluka m'ndege yaikulu mutakhala kumbuyo kumadya mphindi zina zotero. Mabwalo monga a Dubai, Istanbul ndi Heathrow ku London ndi aakulu moti nthawi zina mumakwera basi kapena kasitima kuti mufike ku geti lina, ndipo mwana wa zaka zinayi wongodzuka kumene sathamanga. Ife tikuona kuti banja lokhala ndi ana lisamalole nthawi yochepera maola awiri. Ngati kusintha tikiti sikutheka, sankhani mipando yakutsogolo, ana apite kuchimbudzi ndege isanayambe kutsika, ndipo mukatuluka onani nambala ya geti pa sikirini, osadalira yolembedwa pa boarding pass (kachikalata kokwerera ndege), chifukwa mageti amasintha.

Dziwaninso kuti mukadutsira ku United States nthawi zambiri mumadindisa mapasipoti ndi kutenga katundu pabwalo loyamba, ngakhale tikiti ili imodzi. Ngati mukunyamukira m'dziko la mu European Union ndipo mwafika mochedwa ndi maola atatu kapena kuposa chifukwa cha vuto la kampaniyo, lamulo lawo la nambala 261 la 2004 limapereka chipukuta misozi cha pakati pa 250 ndi 600 euro pa munthu aliyense, malinga ndi kutalika kwa ulendo. Sungani ma boarding pass onse.

Funso: Tagula mphatso zambiri ndipo masutikesi akuoneka olemera. Tilongedze bwanji kuti tisakachite manyazi pabwalo la ndege?
Mayi wina

Yankho: Amayi, muyezeretu dzulo lake. Imani pa sikelo nokha, imaninso mutanyamula sutikesi, kenako chotserani. Pa matikiti wamba malire amakonda kukhala makilogalamu 23 pa sutikesi imodzi, ndipo yopitirira 32 ambiri amaikaniratu ngakhale mutafuna kulipira, poteteza misana ya onyamula katundu. Siyani mpata wa kilogalamu imodzi, poti masikelo amasiyana. Musaganize kuti sutikesi ya 27 ndi ina ya 19 aziphatikiza; pa matikiti owerenga sutikesi iliyonse payokha, yolemerayo mulipira. Sakanizani zovala za banja m'masutikesi onse kuti imodzi ikasowa pasakhale munthu wotsala wopanda chovala.

Chikwama cha m'manja ndicho chimapulumutsa banja ndege ikachedwa. Muikemo mapasipoti, mankhwala onse ali m'mapaketi ake, makiyi a nyumba ndi a galimoto, zovala zosinthira za mwana aliyense ndi malaya amodzi anu, chifukwa mwana akasanza amasanzira womunyamula. Matewera werengani limodzi pa maola awiri kapena atatu alionse, muwonjezere a tsiku lina lathunthu.

Zamadzimadzi pa mabwalo ambiri zimaloledwa m'mabotolo osapitirira mamililita 100, onse m'kathumba koonekera m'kati ka lita imodzi. Amayang'ana kukula kwa botolo, osati zotsalamo: botolo la 200 lokhala ndi timafuta pansi amalanda. Mkaka ndi chakudya cha khanda komanso mankhwala zimaloledwa kupitirira apo, koma muzitulutse muzionetse. Zamadzimadzi zogula ku duty free (masitolo a pabwalo la ndege osaika msonkho) zikhale m'thumba lomatidwa, lisiti lili m'kati, ndipo musalitsegule musanadutse posechera pomaliza. Power bank ndi mabatire apadera zisalowe m'sutikesi yopita pansi pa ndege, chifukwa batire la lithium likayamba kuyaka kumeneko palibe woliona msanga. Malire ake ndi 100 Wh (muyeso wa mphamvu ya batire) popanda chilolezo. Ya 20,000 mAh ili pafupifupi 74 Wh. Zipatso, nyama ndi mbewu maiko ambiri salola kulowa nazo, ndipo kuzinena poyera kuli bwino kusiyana n'kupezeka nazo.

Funso: Popita mwana wathu wa miyezi 10 analira kwambiri ndege ikutsika. Titani pobwerera?
Mayi woyamwitsa

Yankho: Anali makutu, amayi. M'ndege mpweya umakhala wopepuka ngati wa paphiri la mamita 1,800 mpaka 2,400. Potsika, mpweya wa kunja kwa khutu umayamba kukankha nembanemba ya m'khutu, ndipo kanjira kochokera kukhutu kupita kummero kamayenera kutseguka kuti mbali ziwirizo zilingane. Kwa khanda kanjirako n'kakang'ono ndipo kamatsekeka msanga. Chimakatsegula ndi kumeza. Ndege imayamba kutsika kutatsala pafupifupi mphindi 30 kuti itere, ndiye musadikire kuona nyumba pawindo: muyamwitseni kapena mupatseni botolo kuyambira pamenepo, ali maso. Cholakwika chofala ndi kumukhutitsa ola limodzi nthawiyo isanakwane, kenako n'kukana bere pamene likufunika. Ngati wagona, mudzutseni pang'onopang'ono, poti munthu ali m'tulo sameza kawirikawiri. Ana okulirapo amwe madzi pang'onopang'ono kapena aziyasamula. Mwana akakhala ndi chimfine chachikulu kapena khutu likupweteka kale, aonane ndi dokotala ulendo usanayambe, ndipo musamupatse mankhwala ogonetsa mwa inu nokha.

Funso: Apongozi anga a zaka 68 anatupa miyendo popita. Kodi n'zoopsa?
Mkamwini wodandaula

Yankho: Kutupa pang'ono kwa mapazi onse awiri kumachitika ndipo kumatha munthu akayenda. Choopsa ndi magazi kuundana m'mitsempha ya m'mwendo, ndipo ngoziyi imakula ulendo ukapitirira maola anayi munthu ali chikhalire. Apezereni mpando wa m'mbali mwa kanjira, azidzuka pa ola limodzi kapena awiri alionse, azigwedeza mapazi ali pampando, azimwa madzi. Ngati anachitidwa opaleshoni posachedwa kapena anadwalapo vutoli, adokotala anene za masokosi othina asananyamuke. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka pa katumba, kapena akayamba kubanika, ngakhale patapita masabata, athamangire kuchipatala ndipo akanene za ulendowo.

Funso: Nanga sutikesi ikapanda kutuluka, tiyambire pati?
Wowerenga

Yankho: Musatuluke m'holo ya katundu. Pitani pa desiki ya katundu wosowa ndi tizikalata ta nambala timene anakumatirani popereka masutikesi, mudzaze fomu yotchedwa Property Irregularity Report, ndipo mutenge nambala yake. Chithunzi cha sutikesi pa foni chimathandiza kwambiri, chifukwa "yakuda, ya matayala" zilipo mazanamazana. Pangano la Montreal la 1999, limene maiko ambiri amatsatira, limati dandaulo la katundu wowonongeka lilembedwe pasanathe masiku 7 chilandirire, la katundu wochedwa pasanathe masiku 21 chilandirire, ndipo sutikesi ikapanda kufika masiku 21 mukhoza kuitenga ngati yotayika n'kupempha malipiro. Sungani malisiti a zofunika zimene mwagula podikira.

Funso: Titera m'mawa titauluka usiku wonse, ndipo kunyumba ndi maola anayi pagalimoto. Ndingayendetse ndekha?
Bambo wina

Yankho: Bambo, apa tikukanizani ndithu. Tulo ta pampando wa ndege si tulo, ndipo munthu amene watha maola 17 ali maso amayendetsa ngati wamwako mowa. Choipa chake n'chakuti sadzimva: maso amatsinzina masekondi atatu kapena anayi, ndipo pa liwiro la makilomita 100 pa ola galimoto imakhala itayenda mamita pafupifupi 100 popanda woiwongolera. Khofi amangobisa kutopako kwa kanthawi. Pezani munthu wogona bwino adzakutengeni, kapena gonani pafupi ndi bwalo la ndege munyamuke mawa lake kutacha.

Mukafika, thupi limatenga pafupifupi tsiku limodzi pa ola lililonse la kusiyana kwa nthawi kuti lizolowere, ndipo kuulukira kum'mawa kumavuta kuposa kumadzulo. Ana atuluke panja masana aone dzuwa, adye pa nthawi ya kunyumba, ndipo akagona masana musawalole kupitirira ola limodzi kapena awiri. Ngati n'kotheka, siyani masiku awiri pakati pa kufika ndi tsiku lobwerera kusukulu kapena kuntchito.