Mphaka wanga angaoneke pa TV? Ndikuyankha achemwali a ku Ngabu

Sabata yatha ndalandira imelo yomwe poyamba inandiseketsa, kenako ndinakhala nayo usiku wonse, sinanga kutentha kwa kuno ku Nchalo mwezi uno tulo sitibwera, umangotembenuka pamkeka ngati mlamba wa pamoto. Alemba ndi achemwali ena a ku Ngabu, dzina ndisunga. Akuti: "Achimwene, ndili ndi mphaka wochenjera zedi, amatsegula yekha kabati ndipo ndikamuitana amabwera. Ana anga akuti amphaka a mufilimu amalipidwa ndalama zambiri. Kodi amphaka amenewo amaphunzitsidwadi kapena ndi zamakompyuta? Nanga wangayu ndingamuphunzitse bwanji kuti mwina tsiku lina aoneke pa TV potsatsa malonda?"

Takhuta achemwali pofunsa. Amaphunzitsidwadi, zimenezo ndi zoona, koma osati m'mene ana akuganizira, ndipo kuchenjera kwa mphaka wanuyo si kumene anthu a mafilimu amafuna kwenikweni. Ndifotokoza.

Choyamba chomwe chinandidabwitsa ine nditayamba kufufuza nkhaniyi ndi choti mphaka amene mukumuona mufilimu nthawi zambiri si mmodzi ayi. Ndi gulu la amphaka ofanana khungu ndi nkhope, aliyense ndi mbali yake. Mufilimu ya Captain Marvel ya 2019 muli mphaka wofiirira dzina lake Goose, ana ambiri amamudziwa, koma Goose ameneyo anali amphaka anayi, Reggie, Archie, Rizzo ndi Gonzo. Chifukwa chake nchosavuta: pali mphaka amene amalola kunyamulidwa koma sathamanga, wina amathamanga bwino koma ukamugwira akukala, wina amangodziwa kukhala phee kuyang'ana kamera basi. Nde m'malo movutika kuphunzitsa mmodzi zonse, amangotenga anayi, ojambula nkulumikiza zithunzizo ife nkumaganiza kuti ndi mphaka mmodzi wanzeru zoopsa. Za makompyuta zija ana sananame kwenikweni, pena amaonjezeradi, makamaka pomwe mphakayo akuchita zinthu zoti nyama yeniyeni singachite, komanso mufilimu yomweyo mtsikana amene ankasewera mbali yaikulu, Brie Larson, thupi lake limadana ndi ubweya wa mphaka, nde malo ena ankagwira chidole.

Zinayamba kale izi. Ku America kunali mphaka wina wotchedwa Orangey yemwe ankamuphunzitsa bambo wina dzina lake Frank Inn, anaoneka mufilimu ya Rhubarb ya 1951 komanso Breakfast at Tiffany's ya 1961, ndipo anapata kawiri mphoto ya PATSY yomwe inkaperekedwa kwa nyama zosewera m'mafilimu. Koma nkhani zomwe zimakambidwa za iyeyu nzoti anali wovuta, ankakala ndi kuluma anthu, akangomaliza kujambula nkuthawa kukabisala, ntchito yonse nkuima anthu akumusakasaka. Ine nditamva zimenezo ndinati eya, ameneyo ndi mphaka weniweni kkkk, kutchuka sikunamusinthe.

Kumbali ya malonda, wotchuka kwambiri ndi Morris, amene ankatsatsa chakudya cha amphaka cha 9Lives. Ameneyu sanagulidwe pamtengo wokwera ayi, anamupeza mu 1968 kumalo osungirako nyama zotayidwa ku Hinsdale, kufupi ndi Chicago, amene anamutola ndi Bob Martwick. Anagwira ntchito mpaka pomwe anafa mu 1978, kenako kampani inangopeza wina wofanana naye nkumutchanso Morris, malonda nkupitirira. Palinso mphaka wina, Bob wa ku London, amene ankayenda m'misewu ndi mwini wake James Bowen, woimba gitala pamsewu, kukwera naye basi, kukhala paphewa pake anthu ali piringupiringu. Mufilimu ya moyo wawo yomwe inatuluka mu 2016, Bob anasewera yekha mbali zambiri. Bob sanapite kusukulu iliyonse ya amphaka, chomwe anali nacho nchoti phokoso ndi anthu achilendo sizinkamuopsa.

Apa nde pagona nkhani achemwali. Pamalo ojambulira pamakhala magetsi owala kwambiri, zingwe pansi, anthu ambirimbiri achilendo, wina akukuwa, wina akukoka chitsulo, ndipo chinthu chimodzimodzi amachibwereza kambirimbiri mpaka dayilekita akhutire. Mphaka wanu amatsegula kabati inde, koma amatsegula kunyumba kwanu, nthawi yomwe wafuna iyeyo, chifukwa wamva fungo la nsomba. Funso nloti mutamunyamula kupita naye pamsika wa Ngabu tsiku la msika, ma kabaza akuliza mabelu, ng'ombe zikudutsa, mungamuike pansi nkudya chakudya m'manja mwanu? Amphaka ambiri athu angathawire m'ngalande osaonekanso mpaka mawa. Nchifukwa chake ophunzitsa amayang'ana kaye mtima wa mphakayo, wosachita mantha ndi wokonda kudya, nzeru zimabwera pambuyo. Ndipo kusaopa anthuko kumayamba ali kakang'ono, pakati pa masabata 2 ndi 7 chibadwireni, ngati pa nthawi imeneyo sanagwidwegwidwe ndi anthu osiyanasiyana amakula ali ndi kamtima kakutchire. Pajatu mphaka wa pakhomo kholo lake ndi vumbwe, yemwe uja amatha nkhuku, nde musadabwe.

Tsopano kaphunzitsidwe kake. Galu amafuna kukusangalatsa, ukamuyamikira amagwedeza mchira tsiku lonse. Mphaka alibe nazo ntchito zimenezo. Mphaka ndi waganyu, ngati anyamata odula nzimbe aja, amafuna adziwe kuti ndikagwira ichi ndilandira chani ndipo ndilandira liti, ukachedwa kulipira wapita. Ophunzitsa amagwiritsa ntchito kachipangizo kakang'ono kolira kuti "kli" ukakadina. Mphaka akangochita chomwe ukufuna, nthawi yomweyo umaliza "kli" kenako nkumupatsa kanyama kakang'ono. Kaphokosoko ndi kamene kamamuuza kuti chimene wachita pompanocho ndi chimene chalipidwa. Njirayi inachokera ku kafukufuku wa B.F. Skinner pa momwe nyama zimaphunzirira, ndipo mayi wina, Karen Pryor, amene ankaphunzitsa nyama za m'nyanja, ndi amene anaifalitsa kwa anthu wamba. Pofuna kuti mphaka ayende kuchoka apa kufika apo amamuzoloweza kuti akamva kabelu kena kake, komwe kakulirako kuli chakudya, ndipo pofuna kuti ayang'ane mbali ina wophunzitsa amaima kuseri kwa kamera ndi kandodo kokhala ndi chakudya kunsonga. Mukaona mphaka pa TV akuyang'anitsitsa munthu ngati akumumvera chisoni, dziwani kuti akuyang'ana nyama ya nkhuku ili kuseri kwa khutu la munthuyo.

Ine ndinayesa, sindingakuuzeni zinthu zongowerenga. Ndili ndi wanga wamangamanga, anabwera yekha pakhomo madzi a Freddy ataphwa mu 2023, ali wowonda ngati ndodo. Kachipangizo kaja ndinalibe nde ndinatenga bolopeni yodina ija, nkudula tizidutswa ta usipa wowiritsa wopanda mchere, tating'ono ngati njere ya mapira. Masiku atatu oyamba sindinamupemphe chilichonse, ndimangodina bolopeni nkumupatsa, kudina nkumupatsa, mpaka anayamba kuti akamva "kli" makutu tcheru kuyang'ana dzanja langa. Kenako ndinaika chivindikiro cha ndowa pakhonde. Tsiku loyamba anangochinunkhiza, ndinadina. Mawa lake anapondapo phazi limodzi, ndinadina. Patatha sabata ndi theka ankati akandiona ndatulutsa chivindikirocho amathamanga kukakhalapo, mchira atauzunguliza kumapazi, akundiyang'ana ngati akuti bwana ndafika, ndalama zanga. Chimenecho ndi chimodzi mwa zinthu zoyamba zomwe amphaka a mufilimu amaphunzira, kupita pachizindikiro nkukhala pompo, zina zonse amamanga pamenepo.

Koma zovuta zake nazo. Ndinayesa masana tsiku lina, dzuwa la kuno mukulidziwa, lija lopitirira madigiri 40, mphaka anangondiyang'ana ndi diso limodzi ali gone pansi pa mtsuko, osasuntha ngakhale ndevu. Nthawi yabwino ndi m'mamawa kwambiri kapena dzuwa likamalowa, asanadye, ndipo mphindi zitatu kapena zisanu zakwana, akayamba kudzinyambita kapena kuyang'ana kumbali ndiye kuti waweruka, musamukakamize. Kusadya ndikunenaku sikumukhalitsa ndi njala ayi, nkungotenga chakudya chake chomwecho nkumupatsa pang'onopang'ono pophunzira. Ndipo musamumenye olo kamodzi. Galu ukamumenya amabweranso, mphaka ukamumenya amaphunzira chinthu chimodzi chokha, kuti iweyo ndiwe woopsa, sukulu yathera pomwepo. Kunja kuja nkhani ya nkhanzayi anaikhwimitsa kalekale, hatchi itafa pojambula filimu ya Jesse James ya 1939 bungwe la American Humane linayamba kuyang'anira nyama pojambula, ndi lomwe limaika mawu aja kumapeto kwa filimu otsimikiza kuti palibe nyama inavulazidwa.

Vuto lina ndi lathu lomwe la kumudzi. Azakhali anga anabwera kuchokera ku Bangula nkupeza mphaka akukhala pachivindikiro ine ndikangoloza, kenako nkundipatsa dzanja. Anangoti "Mwanawe, chimenechi nchiyani?" ndipo usiku umenewo anakana kugona chipinda chomwe mphakayo amalowa. Ndinachita kuwaonetsa bolopeni ndi usipa, kuwapatsa kuti adine okha, mpamene anaseka. Nde inu achemwali ngati muyambe, phunzitsirani poyera, ana ndi aneba aziona kuti ndi usipa ukugwira ntchito, mukudziwa m'mene anthu amaganizira za mphaka ndi ufiti, makamaka akakhala wakuda, mungapezeke mwatchuka mbali ina yomwe simumafuna.

Za ndalama ndikuuzeni mosabisa. Kunja kuja amene amalandira si mphaka, ndi kampani ya ophunzitsa yomwe imasunga nyama zambiri nkumazibwereketsa kwa opanga mafilimu, ndipo malonda ambiri okhala ndi amphaka ndi a chakudya cha amphaka cha m'zitini. Kuno kwathu mphaka amadya mitu ya makakana ndi makoswe a m'nkhokwe, ndani angalipire malonda a chakudya chake? Tayang'anani malonda a pa MBC, Times kapena Zodiak, ndi a sopo, feteleza, mabanki ndi mayunitsi, ine sindingakulimbikitseni kuti muwononge ndalama ya transipoti kukwera Thabwa kupita ku Blantyre ndi mphaka m'katoni kukagogoda maofesi. Chomwe chingatheke ndi foni yanu yomweyo. Mphaka wotsegula kabati, womujambula bwino kunja kukuwala, kakanema ka masekondi 20 pa Facebook kapena TikTok, anthu amaonera ndipo amatumizirana, ndipo ngati muli ndi kagolosale kapena mumagulitsa mandasi, mphaka wokhala phee pambali pa katundu wanu ndi malonda kale amenewo. Achinyamata amene akujambula timafilimu ndi mavidiyo a nyimbo nawonso tsiku lina adzafuna mphaka amene sathawa kamera, ndipo sadzamupeza paliponse.

Musanayambe kumuonetsa kwa anthu pitani naye kwa alangizi a ziweto akamubaye katemera wa chiwewe, chifukwa mphaka wogwidwagwidwa ndi ana tsiku lina adzakala wina. Akadwala musamupatse panado chonde, ngakhale kachidutswa, amphaka amafa naye. Anyezi ndi adyo nazonso nzoipa kwa iwo, nde ndiwo zotsala zokazingira zija si malipiro abwino, ndipo ngati aneba athira mankhwala a makoswe mutsekereni m'nyumba masiku amenewo.

Yambani ndi bolopeni ndi chivindikiro, pakatha masabata awiri munditumizire kakanema ndione. Koma nkhuku muzitsekera kaye, ine yanga yathadzi inazindikira msanga kuposa mphaka kuti "kli" ndi usipa, pano ndikangodina bolopeni kuti ndilembe ngongole za anthu m'kope imabwera chothamanga kuchokera kuseri kwa bafa.