Funsani Adokotala: Kodi vuto la mtima wa mwana lingadziwike asanabadwe?

Funso

Adokotala, pamimba yanga yoyamba, itakwana miyezi isanu ndi theka, azamba kusikelo anapeza kuti mtima wa mwana ukugunda pang'onopang'ono kwambiri, ka 58 pa mphindi. Ananditumiza kuchipatala chachikulu, kumene anandiuza kuti mwanayo ali ndi heart block ndipo m'magazi mwanga muli zinthu zotchedwa anti-Ro. Mwanayo anabadwa koma sanakhalitse. Ine sindidwaladwala, ndipo tsopano ine ndi bambo a kunyumba tikufuna kuyesanso. Kodi zidzachitikanso? Nanga pali njira yodziwira vutoli lisanafike poipa?

Mayi wodandaula, Zomba

Yankho

Pepani kwambiri mayi chifukwa cha imfa ya mwana wanu. Mwachita bwino kufunsa musanaime, chifukwa thandizo lodalirika kwambiri pa vutoli limayamba mimba isanaonekere n'komwe.

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba ndi ziwiri zam'munsi. Kugunda kulikonse kumayamba ndi kamphamvu konga ka magetsi kochokera m'zipinda zam'mwamba, ndipo kuti kafike m'zipinda zam'munsi zimene zimapopa magazi kamayenera kudutsa pa kamalo kamodzi kokha kotchedwa AV node, kamene kali ngati mlatho. Anti-Ro ndi mbali ya chitetezo cha m'thupi mwanu chimene chinasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi thupi lomwelo. Zimenezi zimapezeka mwa amayi odwala lupus kapena Sjögren, amene ndi matenda obwera chifukwa cha kusokonezeka kwa chitetezoku, komanso mwa amayi ambiri onga inu amene samva kupweteka paliponse, moti amadziwira pa mwana. Mimba ikapitirira miyezi itatu, anti-Ro amayamba kudutsa pa nsengwa kulowa m'magazi a mwana, ndipo mwa ana ena amatupitsa kamaloko mpaka kusiya chipsera. Zikatero uthenga sudutsanso, ndipo imeneyi ndiye heart block: zipinda zam'munsi zimangogunda pazokha ka 50 mpaka 70 pa mphindi, pamene mtima wa mwana wosabadwa umayenera kugunda ka 110 mpaka 160. Si chifukwa cha chakudya chimene munadya, ntchito imene munagwira kapena mwambo umene munaphonya.

Mayi amene ali ndi anti-Ro koma sanaberekepo mwana wa vutoli, mpata woti zimuchitikire ndi wochepa, amayi awiri kapena mmodzi pa 100 alionse. Kwa inu amene zinakuchitikirani kale, mpatawo umakwera kufika pafupifupi 18 pa 100 alionse. Chiwerengerochi n'chachikulu ndithu, komabe chikutanthauza kuti mimba zinayi pa zisanu zilizonse za amayi onga inu zimayenda bwino ngakhale popanda mankhwala.

Palibe kuyeza kumene kunganene motsimikiza kuti mwana uyu ndiye adzakhudzidwe. Chimene madokotala aona n'chakuti vutoli limakonda amayi amene anti-Ro wawo ndi wochuluka kwambiri m'magazi, choncho ngati kuchuluka kwake kungayezedwe, pemphani kuti akuyezeni. Chodziwika bwino kwambiri ndi nthawi yake: kawirikawiri limayamba pakati pa sabata ya 18 ndi ya 24 ya mimba, ndipo n'chifukwa chake akatswiri amayang'anitsitsa mtima wa mwana kuyambira sabata ya 16 mpaka ya 26. Amagwiritsa ntchito sikani ya mtima yotchedwa fetal echocardiogram, imene imayeza kanthawi kamene kamadutsa pakati pa kugunda kwa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi, ndipo kanthawiko kakatalika kuposa mmene kayenera kukhalira amakayikira kuti kutupa kwayamba. Sikani yomweyo imaonetsanso ngati mtima unapangika molakwika, chimene ndi chifukwa china chobweretsa heart block mwa ana a amayi opanda anti-Ro.

Chovuta n'chakuti matendawa amathamanga kuposa ndondomeko ya masikani. Kafukufuku wa ku America wotchedwa PRIDE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2008, anapeza ana amene mitima yawo inali bwinobwino pa sikani koma njira ya pa mlatho uja inali itatsekekeratu pofika sikani yotsatira. Pambuyo pake akatswiri ena anayesa kupatsa amayi kamakina ka Doppler koti azimvetsera nako mtima wa mwana kunyumba kawiri pa tsiku, ndipo zinaoneka kuti kusinthaku kumatha kuchitika pasanathe tsiku limodzi. Njira ikangotsekeka kotheratu, palibe mankhwala amene amaitsegulanso. Ikapezeka itangoyamba kuvuta, pamene mtima ukudumphitsa kugunda kwina, madokotala ena amapatsa mayi dexamethasone, ngakhale kuti akatswiri sagwirizana onse pa phindu lake ndipo mankhwalawa amatha kuchedwetsa kakulidwe ka mwana.

Mwa maganizo anga, chiyembekezo chanu chachikulu chili pa kupewa, ndipo mankhwala ake ndi hydroxychloroquine, m'bale wake wa chloroquine uja amene Malawi anasiya kuchizira malungo mu 1993. Pa kafukufuku wotchedwa PATCH, wa mu 2020, amayi 54 amene anaberekapo mwana wa heart block anamwa mamiligalamu 400 tsiku lililonse kuyambira mimba isanapitirire masabata 10, ndipo vutoli linabwerera mwa ana anayi okha, kutanthauza 7 pa 100 alionse m'malo mwa 18. Musakagule nokha, ndiponso musawasokoneze ndi SP amene amaperekedwa kusikelo. Pitani kwa dokotala wa amayi pachipatala chachikulu, monga Zomba Central kapena Queen Elizabeth ku Blantyre, musanaime kapena mukangophonya kusamba kamodzi, mutanyamula buku lanu la kuchipatala la mimba yoyamba ija. Chizolowezi chobisa mimba mpaka itaonekera chikhoza kukutayitsani masabata ofunika kwambiri.

Mukamapita kusikelo, uzani azamba mbiri yanu nthawi iliyonse, ngakhale atakhala otanganidwa. Mzamba akaika kachitoliro kake pamimba n'kumva mtima ukugunda ka 60 kapena 70, n'kosavuta kuganiza kuti akumva mtsempha wa mayi, choncho ayenera kugwira mkono wanu pamene akumvetsera kuti asiyanitse ziwirizo. Akapeza kuti ndi mtima wa mwana umene ukuchedwa kapena ukudumphadumpha, mutumizidwe kosikana tsiku lomwelo osati sabata yamawa.

Ngati heart block itapezekanso, sizitanthauza kuti mwana achotsedwe mwamsanga pa opareshoni. Mtima wochedwa chifukwa cha vutoli ndi wosiyana ndi wa mwana amene akubanika, ndipo kubadwa masiku asanakwane kumangowonjezera mavuto. Madokotala amayang'ana ngati kugunda kwatsika pansi pa 55, ngati mtima ukufooka, kapena ngati madzi ayamba kudzadza m'thupi mwa mwana. Ana pafupifupi anayi pa asanu alionse obadwa ndi vutoli amakhala moyo kumene kuli chisamaliro chokwanira, koma ambiri mwa iwo amadzafunika kuikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda kotchedwa pacemaker, choncho kambiranani ndi madokotala za kumene mudzachirire nthawi idakalipo.